KAPOLO AMENE ANALI KULAMULIRA DONA WACE

M'mwezi wa December caka ca 1869, mwamuna wina wophunzira kwambiri wa m'dziko la Austria, ku Ulaya, anatenga colembera nasaina pangano lacilendo. M'panganolo iye anadzipereka kukhala kapolo wa mkazi wina kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anabvomera kumvera zonse zimene mkaziyo adzalamula, ndi kulandira cilango ciri conse cimene adzampatsa. Palibe amene anamgwira pa nkhondo, palibe amene anamgulitsa kaamba ka ngongole, ndiponso sanali munthu wa njala. Ukapolowo anaupempha yekha.

Mwamunayo anali Leopold von Sacher-Masoch, mlembi wa mabuku, ndipo mkaziyo anali Fanny Pistor. Atatha kusaina, awiriwo anakwera sitima ya pamtunda kunka ku Italy. Mkazi anakhala m'cipinda ca olemera, pamene mlembiyo anabvala zobvala za wanchito, nadzicha dzina lakuti Gregor, nakakhala m'cipinda ca anthu wamba.

Caka cotsatira, ca 1870, Sacher-Masoch anasindikiza buku lochedwa Venus im Pelz, m'mene anasimba ulendo wotere monga nthano. Bukulo ndi limodzi la makolo a mtundu wa mabuku amene lero agulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri: nthano zopeka za cilakolako ca mwamuna ndi mkazi, m'mene wina akhala mbuye, mnzace nakhala kapolo wodzipereka yekha. Kale mabuku otere anali kubisidwa m'mabokosi a anthu olemera a ku Ulaya, koma lero afika pa lamya ya m'manja, ngakhale kumudzi. Cifukwa cace nkwabwino kudziwa mbiri ya munthu amene anacotsa nthanoyi papepala nailowetsa m'nyumba mwace. Mbiriyo ionetsa kuti wogwira cikoti si ndiye mwini mphamvu nthawi zonse.

MWANA WA MKULU WA APOLISI

Leopold anabadwa pa 27 January 1836 mu mzinda wa Lemberg, umene lero uchedwa Lviv ndipo uli m'dziko la Ukraine. Masiku amenewo dera lonselo, lochedwa Galicia, linali m'manja mwa mfumu ya Austria. Atate wace anali mkulu wa apolisi a mumzindamo. Amai ace anali mwana wa dotolo wolemekezeka, Franz Masoch, amene anakalamba wopanda mwana wamwamuna womtsalira. Kwa Azungu a kumeneko dzina la banja liyenda ndi ana amuna. Poona kuti dzina lace lidzalowa naye m'manda, nkhalambayo inapempha mkamwini wace kuti alumikize dzina la Masoch ku dzina lace la Sacher, ndipo zinacitika momwemo. Dotoloyo sanadziwe njira imene dzinalo lidzapulumukira.

Galicia linali dziko la umphawi waukulu. Minda inali ya eni malo olemera, ndipo anthu a kumidzi anali omangika ku minda imeneyo. Anali kugwira thangata masiku ambiri pa caka popanda malipiro, ndipo wolakwa anali kukwapulidwa. M'mwezi wa February 1846, pamene Leopold anali ndi zaka 10, anthu a kumidziwo anaukira ambuye ao, maka-maka kufupi ndi mzinda wa Tarnów. Anatenga zikwakwa zao zomwetera tirigu, napasula nyumba za olemera mazana-mazana, napha anthu pafupi-fupi 1,000. Mitembo ina anaikweza pa ngolo naipereka ku maofesi a boma. Thangatalo linathetsedwa ndi lamulo m'caka ca 1848.

Motero mbuye, kapolo ndi cikoti sizinali zinthu zimene mwanayo anangozilota. Anakulira pakati pa izo, m'nyumba ya munthu wogwira ndi kulanga anthu. Ndiponso mlezi wace anali mkazi wa kumudzi, amene anali kumsimbira nthano za makolo a kumeneko. Atakula, Leopold analemba kawiri-kawiri za kuukira kwa 1846, ndi za tsiku limene wapansi akwera pamwamba, wapamwamba natsikira pansi.

M'caka ca 1848 banjalo linasamukira ku Prague, ndipo pambuyo pace ku Graz. Leopold anaphunzira za malamulo ndi za mbiri yakale, nayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Graz, koma pambuyo pace anasiya nchitoyo kuti adzipereke pa kulemba. Nkhani zace za alimi ndi za Ayuda a ku Galicia zinamchukitsa kwambiri, ndipo zinamasuliridwa m'Cifalansa. Anali ndi cilinganizo cacikulu ca kulemba mabuku m'zigawo zisanu ndi cimodzi, zochedwa ndi dzina la Kaini wa m'Baibulo, zofotokoza masautso a anthu: cikondi, cuma, boma, nkhondo, nchito ndi imfa. Anatsiriza zigawo ziwiri zokha. Venus im Pelz inali nthano imodzi cabe ya m'cigawo ca cikondi, koma ndiyo inameza zina zonse.

ZA M'KATI MWA NTHANO

Dzina la bukuli liri m'Cijeremani. Venus anali mulungu wamkazi wa cikondi kwa Aroma akale, ndipo mau otsalawo anena cobvala ca zikopa za ubweya. M'maiko ozizira a ku Ulaya, malaya otere anali cobvala ca mafumu ndi akazi olemera, monga momwe cikopa ca kambuku cisonyezera ufumu kwa mitundu ina.

Nthanoyo isimba za mwamuna wina mwini minda, dzina lace Severin, amene akomana ndi mkazi wamasiye wacitsikana ndi wolemera, dzina lace Wanda von Dunajew, pamalo ena opumulirako a m'mapiri a Carpathia. Severin amkonda kwambiri, namuuza kuti ngati sangamkwatire, bwenzi atakhala kapolo wace. Poyamba Wanda aseka, pambuyo pace akana, namcenjeza kuti masewera amenewo adzadzutsa mwa iye nkhanza imene sadzatha kuigonekanso. Iye afuna mwamuna woti amlemekeze. Koma Severin aumirira, namdandaulira tsiku ndi tsiku, namphunzitsa zoyenera kubvala ndi zoyenera kunena, kufikira mkaziyo abvomera.

Awiriwo apita ku mzinda wa Florence, ku Italy, kumene Severin asanduka wanchito wochedwa Gregor. Pang'ono-pang'ono cikondi ca Wanda cizirala, cifukwa sangathe kulemekeza munthu wokwawa pa mapazi ace. Potsiriza akonda mwamuna wina wa ku Greece, wamphamvu ndi waukali, napereka cikoti m'manja mwace kuti akwapule Severin ali womangidwa. Atatero, awiriwo acoka namsiya.

Severin abwerera ku minda ya atate wace nanena kuti wacira. Koma kucira kwace nkoipa kuposa nthenda, pakuti tsopano ndiye azunza akazi a m'nyumba mwace. Pa mapeto a buku iye apereka phunziro limene owerenga ambiri saligwira. Anena kuti monga momwe dziko lilerera akazi, mkazi angathe kukhala kapolo wa mwamuna kapena mbuye wace, koma osati mnzace, ndi kuti adzakhala mnzace pokha-pokha akadzalingana naye pa ufulu, pa maphunziro ndi pa nchito. Mau amenewa analembedwa m'caka ca 1870, pamene akazi a ku Austria sanali kuloledwa kuphunzira pa yunivesite.

PANGANO LOKOMERA KAPOLO

Munthu wowerenga pangano leni-leni la 1869 apeza cinthu coseketsa. Kapoloyu anali ndi malamulo ace. Dona sanaloledwe kumuuza cinthu comcotsera ulemu pamaso pa anthu. Anayenera kumpatsa maora asanu ndi limodzi tsiku liri lonse kuti azilemba mabuku ace, ndipo sanaloledwe kuwerenga makalata ace. Ndiponso dona analonjeza kubvala zikopa za ubweya kawiri-kawiri, maka-maka pamene afuna kucita nkhanza. Miyezi isanu ndi umodzi ikatha, zonse zinayenera kuiwalika monga sizinacitike.

Alimi a ku Galicia amene anali kukwapulidwa pa thangata sanasankhe tsiku loyamba kapena lomariza la ukapolo wao, ndipo sanauze mbuye wao malaya oti abvale. Sacher-Masoch anasankha zonsezi. Iye ndiye anapeka sewero, ndiye anagawa malo, ndiye anasankha zobvala. Nchito ya mkazi inali kusewera monga momwe mwini sewero afunira.

Kwa Fanny Pistor zimenezi sizinabale tsoka lalikulu. Iye sanali mkazi wace wa ukwati, analibe ana naye, ndipo nthawi itakwana, ali yense anagwira njira yace. Bvuto linadza pamene sewerolo linalowa m'banja, m'mene mulibe tsiku lomariza.

MKAZI WOSOKA MAGULOVU

Mu mzinda wa Graz munali mkazi wina wosauka, Aurora Rümelin, wobadwa m'caka ca 1845. Makolo ace anapatukana, ndipo iye ndi amai ace anali kukhala movutikira m'kanyumba, napeza cakudya mwa kusoka magulovu, ndizo zobvala za m'manja zochinjiriza mphepo. Aurora anayamba kulembera mlembi wochukayo makalata, nadzionetsa ngati dona wolemera, nadzicha dzina la mkazi wa m'nthano uja, Wanda von Dunajew. Sacher-Masoch anayesa kuti loto lace labvala thupi. Anakwatirana m'caka ca 1873, nabala ana.

Apa onse awiri anagwa m'mbuna imene anakumba okha. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkazi anayesa kuti wapeza mwamuna wolemera womcotsa mu umphawi, koma anapeza munthu wa ngongole, wodya ndalama zisanafike. Mwamuna anayesa kuti wapeza dona wankhanza, koma anapeza mkazi wofuna nyumba yofunda ndi cakudya ca ana.

Zimene zinacitika m'nyumbamo Aurora anazilemba m'buku lace lochedwa Meine Lebensbeichte, ndiko kuti kuulula za moyo wace, limene linaturuka m'caka ca 1906. Iye asimba kuti mwamuna wace anali kumkakamiza kubvala zikopa zolemera m'nyumba, ndi kumkwapula ndi cikoti, cinthu cimene iye cinali kumnyansa. Asimbanso kuti pamene owerenga anayamba kutopa ndi akazi ankhanza opezeka m'mabuku onse a mwamuna wace, mwamunayo anamuuza kuti adzaleka kulemba za akazi otere ngati iye adzakhala wotero m'nyumba. Banjalo linalibe munda kapena malipiro a pamwezi, koma colembera ca mwamunayo cokha. Motero kukana kunali kuika cakudya ca ana pa ngozi.

Coopsa koposa cinali cakuti mwamunayo anafuna kuti nthano ifike pa mapeto ace. M'buku munali Mgiriki, motero anafuna kuti mkazi wace apeze cibwenzi. Aurora asimba kuti mwamuna wace anamuumiriza zaka zambiri, nalengeza ngakhale m'manyuzipepala kufuna-funa mwamuna woteroyo, kufikira iye anagonja. Tsono m'nyumbamo munali munthu wogwada pansi nadzicha kapolo, koma zonse zinali kuyenda monga mwa cifuniro cace. Munalinso munthu woimirira, wobvala ngati mfumukazi, cikoti ciri m'manja, koma wopanda mphamvu yakunena kuti ai.

Mlandu sauweruza pomva mbali imodzi. Pamene buku la Aurora linaturuka, mwamuna wace anali atamwalira kale, ndipo munthu wina wodziwa bwino banjalo, Carl Felix von Schlichtegroll, analemba buku lomtsutsa caka comweco, nanena kuti mkaziyo anali wabodza ndi wokonda ndalama. Nzoona kuti Aurora analowa m'banjamo ndi cinyengo. Koma mapangano osainidwa alipo, ndipo asonyeza kuti cilakolako cimeneci cinali mwa mwamunayo kale asanakomane ndi mkazi wace. Ukwatiwo unapasuka patapita zaka ngati khumi. Banjalo liri ku Leipzig, m'dziko la Germany, Aurora anacoka ndi mtolankhani wina napita ku Paris.

DOTOLO ATENGA DZINA

Tsoka lina linacokera kumene mlembiyo sanayembekeze. Dotolo wina wa matenda a maganizo, Richard von Krafft-Ebing, amene anaphunzitsa ku Graz ndi ku Vienna, anasindikiza m'caka ca 1886 buku lochedwa Psychopathia Sexualis, lofotokoza zilakolako zacilendo za anthu. Analilembera madotolo ndi oweruza milandu, ndipo mbali zina anazilemba m'Cilatini kuti anthu wamba asazimve. M'caka ca 1890 dotoloyu anafuna dzina la khalidwe la munthu wokondwera ndi kuzunzidwa kapena kunyozedwa ndi wokondedwa wace. Anatenga dzina la mlembi uja, ali moyo, osampempha, napanga liu lakuti masochism.

Khalidwe losiyana nalo, la munthu wokondwera pozunza mnzace, analicha sadism, kucokera ku dzina la Marquis de Sade, mlembi wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1740 kufikira 1814. Munthu ameneyu sanali wolemba cabe. M'caka ca 1768 ananyenga mkazi wamasiye wosauka kuti akampatse nchito, namtsekera m'nyumba namkwapula, kufikira mkaziyo anathawa nakanena mlandu. De Sade anatha zaka zoposa 25 ali m'ndende ndi m'nyumba za amisala, ndipo anafera m'nyumba yoteroyo.

Sacher-Masoch anakwiya kwambiri poona dzina lace laikidwa pamodzi ndi la munthu wotere, koma analibe pocitira. Dzina limene ambuye ace anapempha kuti lisafe linapulumukadi, koma monga dzina la nthenda, ndipo lero lipezeka m'zinenero zambiri za pa dziko lapansi. Mabuku ace ena oculuka anaiwalika.

Zaka zace zomariza anazikhala m'mudzi waung'ono wa Lindheim, m'dziko la Germany, pamodzi ndi mkazi wace waciwiri, Hulda Meister. Kumeneko anagwira nchito imene ambiri saidziwa. M'caka ca 1893 anayambitsa bungwe lophunzitsa anthu akulu a kumidzi, nakhazikitsa nyumba zobwerekamo mabuku, nakonza masewero ndi misonkhano, pofuna kuthetsa cidani cimene alimi a kumeneko anali naco pa Ayuda. Anamwalira pa 9 March 1895, ali ndi zaka 59.

ANA A NTHANOYI

Mtundu wa mabukuwo sunafe naye. M'caka ca 1954 ku Paris kunaturuka buku lochedwa Histoire d'O, losimba za mkazi wodzipereka kukhala kapolo wa mwamuna amene amkonda. Pacikuto panalembedwa dzina lopeka lakuti Pauline Réage, ndipo ambiri anakhulupirira kuti mlembi wace ndi mwamuna. Boma la France linaletsa kuligulitsa kwa ana ndi kulilengeza, ndipo omenyera ufulu wa akazi analidzudzula kuti likometsa nkhanza. Zaka 40 zitapita, m'caka ca 1994, mai wina wa zaka 86, Anne Desclos, anaulula poyera kuti ndiye analilemba. Iye anali munthu wofatsa ndi wolemekezeka, wogwira nchito pa kampani yaikulu yosindikiza mabuku ya Gallimard. Anafotokoza kuti analilemba usiku, m'makope a ana a sukulu, monga kalata ya cikondi kwa mwamuna wina, Jean Paulhan, amene anaopa kuti adzamtaya. Mai ameneyu anali ndi nchito yace ndi malipiro ace, ndipo nthano yace anaisiya papepala.

Ku America, mphunzitsi wina wa pa koleji, wolemba ndi dzina lakuti John Norman, anayamba m'caka ca 1966 mndandanda wa mabuku onena za dziko lopeka la kumwamba lochedwa Gor, kumene amuna ankhondo asunga akazi ngati akapolo. Mabukuwo aposa 30. Anne Rice, mlembi wochuka wa ku America komweko, analemba mabuku atatu a mtundu womwewu pakati pa 1983 ndi 1985, naye pobisala m'dzina lina. Ndipo m'caka ca 2011 mai wina wa ku Britain, E. L. James, anaturutsa Fifty Shades of Grey. Pofika 2014, bukulo pamodzi ndi anzace awiri anali atagulidwa makope oposa 100 miliyoni, ndipo ambiri a ogulawo anali akazi. Kanema wace wa 2015 analetsedwa m'maiko ena, kuphatikizapo Kenya.

Ena adabwa kuti akazi awerenga bwanji nthano zotere. Koma munthu womvera nthano ya cilombo usiku pa moto sindiye kuti afuna kukomana ndi cilomboco panjira. Wowerenga buku ali ndi mphamvu yonse. Ayamba pamene afuna, alumpha tsamba limene silimkomera, ndipo akatopa atseka buku nagona. Kapolo wa m'nthano alibe bala, cifukwa alibe thupi.

Ngozi ibadwa pamene wina atenga buku ngati lamulo loweruzira nalo mnzace. M'caka ca 2006 apolisi a ku England analowa m'nyumba ina mu mzinda wa Darlington, m'mene anthu anali kukhala motsanzira mabuku a Gor. Nthawi imeneyo sanapeze mlandu, pakuti opezekamo anati ali momwemo mwa kufuna kwao. Koma m'caka ca 2008 mtsogoleri wa gululo anaikidwa m'ndende cifukwa ca kukakamiza mkazi amene anali kukhala naye kugona ndi amuna ena. Zimene Aurora anadandaula nazo zinabweranso patapita zaka zoposa 100, ndipo nthawi imeneyi zinafika pa bwalo la milandu.

MADOTOLO NDI MALAMULO LERO

Maganizo a madotolo asintha kucokera m'masiku a Krafft-Ebing. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, liri ndi buku lalikulu la maina a matenda. M'buku latsopano, limene linabvomerezedwa m'caka ca 2019 ndi kuyamba kugwira nchito mu January 2022, zocita za anthu akulu awiri ogwirizana, zosadzetsa ngozi kapena kusautsa mtima, siziwerengedwanso ngati nthenda. Cimene catsala m'bukumo ndico khalidwe la munthu wokondwera pozunza mnzace amene sanabvomere. Motero malire amene madotolo aika lero ali pa kubvomera ndi pa kubvulaza.

Oweruza apita patsogolo pang'ono. Ku England kunacitika milandu ingapo m'mene amuna opha kapena obvulaza akazi anadzichinjiriza ponena kuti zinali masewera a kumphasa, ndi kuti mkaziyo anazipempha yekha. Wakufa sangathe kutsutsa. Cifukwa cace nyumba ya malamulo ya kumeneko inalemba poyera, m'lamulo lochedwa Domestic Abuse Act la 2021, kuti munthu wobvulaza mnzace kwambiri sangapulumuke ponena kuti mnzaceyo anabvomera kaamba ka cilakolako.

M'Zambia muno malamulo akhudza nkhaniyi mbali ziwiri. Gawo 177 la Penal Code liletsa kupanga, kugulitsa ndi kufalitsa zolembedwa kapena zithunzi zolaula. Ndipo lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, Anti-Gender-Based Violence Act la 2011, liwerenga ngati nkhanza kukakamiza munthu zocita za kumphasa zomnyazitsa kapena kumcotsera ulemu, ngakhale awiriwo ali pa ukwati. Wozunzidwa ali ndi malo okadandaula ku nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit. Lamulo silifunsa kuti wozunzayo anawerenga buku lanji, kapena anaona ciani pa lamya.

KUBVOMERA KWA WOSAUKA

Komabe mbiri ya Aurora ionetsa cinthu cimene dotolo ndi woweruza avutika kuciona. Iye anabvomera. Anabvala zikopa, anagwira cikoti, ndipo munthu wosuzumira pa zenera akanati mkaziyu ndiye mfumu ya nyumba. Koma monga mwa mau ace, anabvomera cifukwa kunja kwa khomo kunali umphawi umene anaudziwa kuyambira ubwana, ndipo m'nyumba munali ana ofuna kudya. Kubvomera kwa munthu wopanda kothawira kufanana ndi kubvomera kwa mlimi wa pa thangata. Pakamwa ati inde, cifukwa ai alibe pomuika.

Kusiyana kwa akazi atatu a m'mbiriyi kuli pomwepa. Fanny Pistor anali ndi tsiku lomariza pa pangano lace. Anne Desclos anali ndi nchito ndi malipiro, ndipo colembera cinali m'manja mwace. Aurora Rümelin analibe zonsezi, ndipo ndiye anasenza mtolo, ngakhale kuti m'sewero anapatsidwa malo a mbuye. Pofuna kudziwa wolamulira m'nyumba, sikokwanira kuona amene wagwada ndi amene waimirira. Cofunika ndi kuona amene angathe kunena kuti basi, mnzace namvera, popanda kuopa njala, cibakera kapena kuthamangitsidwa.

Codabwitsa ncakuti Sacher-Masoch anadziwa zimenezi. Iye mwini ndiye analemba kuti mwamuna ndi mkazi sadzakhala mabwenzi kufikira atalingana pa maphunziro ndi pa nchito. Analemba mauwo zaka zitatu asanakwatire mkazi wosoka magulovu, koma sanawagwiritse nchito m'nyumba mwace. M'caka ca 2008 anthu a ku Lviv anamuimikira ciboli-boli ca mkuwa pa khomo la nyumba ina yodyeramo yochedwa ndi dzina lace, ndipo alendo ajambulitsa naco zithunzi akuseka. Ciboli-bolico ndi ca mwamunayo yekha. Wofuna kumva mbali ya mkazi amene anasenza zikopa zija ayenera kufuna-funa buku lace la 1906.